Batani la Ilinca pa Jekete la Wina

Anakumana pa siteji ya basi ku Vatra Dornei, tsiku lozizira koopsa, pamene batani lamtengo linathothoka pa jekete la Ilinca n'kugwa pansi. Analitola ndi Dragoș, mnyamata wa ku Bucharest amene anabwera kumapiri kudzapuma. Anati batanilo libwerera kwa mwini wake pokhapokha iye atalandira nambala ya foni.

Pakamwa anali napo mnyamatayo, tisanamizane. Chaka chonse foni ya Ilinca sinapume.

"Duwa langa la kumapiri, popanda iwe mzinda uno ndi chipululu."

"Chaka chino chisanathe ndikuveka mphete, ndalumbira."

Ilinca ankawerenga mauthengawa kuntchito, m'sitolo ya mankhwala, n'kumamwetulira yekha. Koma akanena zoti akamuone kumzindako, yankho silinkasintha: "Usavutike, wapamtima. Sitima zapansi panthaka za kuno sungazithe iwe, ungasochere. Ndibwera ndine."

Kwathu ku Bukovina, pa 1 Malichi mtsikana ndiye amapatsa mnyamata mărțișor, kachingwe ka ulusi wofiira ndi woyera kolandirira nyengo ya maluwa. Ilinca anapota kake ndi manja ake, n'kumangirirapo batani lija, lomwe anali asanalisokerere chikumanirane. Anatumiza pa positi kudakali sabata. Dragoș anayankha kuti akavala pamtima mpaka kufa, koma kubwera ayi, ntchito yachuluka.

Apa Ilinca mtima unakana. Kodi mphete yolonjezedwayo idzabwera pa positi nayonso? Anakwera sitima osamuuza, kuti akaone yekha ngati lonjezo lija linali ndi miyendo.

Atatsika pa Gara de Nord, siteshoni yaikulu ya ku Bucharest, m'mawa wa pa 1 Malichi, analowa pansi panthaka koyamba m'moyo wake. Masitepe oyenda okha anangotsala pang'ono kumugwetsa. Geti linakana kutseguka mpaka mayi wina anamulozera poika tikiti. Kenako anakwera sitima yolowera kwina, ndipo anazindikira atadutsa kale masiteshoni awiri. Manyazi anamugwira, mawu a Dragoș aja akumulira m'makutu.

Koma sanalire. Anatsika, n'kuima pa mapu a pakhoma, chala chili pamzere. Ofesi ya Dragoș inali ku Pipera. Abwerere ndi mzere wachikasu mpaka Piața Victoriei, pamenepo asinthe akwere wabuluu. Basi? Chilombo chonse chija n'chimenechi?

Pa Piața Victoriei anafunsa mtsikana wina wa jekete lotuwa mbali yoimira opita ku Pipera.

"Inenso ndikupita komweko, achemwali, tiyeni," anatero mtsikanayo. Dzina lake anati ndi Otilia.

M'sitima munali modzaza, moti anaima moyang'anizana atagwira chitsulo chimodzi. Ndipamene Ilinca anaona. Pachifuwa pa jekete lotuwalo panali kachingwe kofiira ndi koyera, ndipo kumapeto kwake kunkalendewera batani lamtengo lobenthuka m'mphepete.

Ku Bucharest mwambowu amauchita motembenuza, mwamuna ndiye amapatsa mkazi. Ndiye taonani ulesi wa Dragoș! Pakhomo pa siteshoni iliyonse amalonda anali atayala tizingwe mbwee, koma iye anangotsegula envelopu, n'kuona kuti mphatso ya wina yapezeka yaulere.

"Kachingwe kokongola," anatero Ilinca. "Mwakagula kuti?"

"Wandiveka ndi bwenzi langa m'mawa uno. Akuti wapota yekha, mpaka zala kutupa."

"Dragoș?"

Otilia anangoti maso tong'o. Ilinca anangomuonetsa jekete lake: mabatani anayi amtengo ofanana ndi lija, ndi malo a lachisanu opanda kanthu.

Onse awiri anatulutsa mafoni. Mauthenga anali omwewo, ngakhale tsiku lotumizira. Kusiyana kwake, uyu anali duwa la kumapiri, uyo duwa la mumzinda. Mphete inalonjezedwa konsekonse. Zinamupweteka Ilinca, zinamupweteka kwambiri, chifukwa iye ankamukondadi mnyamatayo ndi mtima wonse. Otilia naye misozi inalengeza, koma anapukuta msanga n'kumukoleka mkono.

Pa Pipera, Dragoș anali pamwamba pa masitepe, timaluwa toyera tili m'manja, kudikira Otilia kuti akadye nkhomaliro. Masitepe oyenda okha aja anamubweretsera maluwa ake onse awiri, atakolekana mikono. Nkhope inagwa.

"Ilinca! Wafika bwanji kuno?"

"Wachikasu, kenako wabuluu," anayankha. "Sizovuta ayi."

Dragoș anayamba zoti amumvetse, zoti positi inasokoneza, zoti Otilia ndi mnzake wa kuntchito chabe. Otilia anamuuza kuti asunge malovu, zala zotupazo zikufunika kupuma. Kenako anamasula kachingwe kaja pachifuwa n'kukaika m'manja mwa Ilinca.

"Kasokerereni batani lanu, achemwali. Jekete likulowetsa mphepo."

Ilinca anachotsa batanilo n'kuliika m'thumba. Ulusi anaumanga pamkono pa Otilia, nati ulusiwo sunalakwe kanthu. Dragoș anatsala ndi timaluwa take, anthu otuluka m'siteshoni akumuwomba mapewa.

Kulira Ilinca analira ndithu m'sitima, kuyambira Pipera mpaka siteshoni ya Aviatorilor, nkhope ataikanikiza pagalasi. Koma tikiti yake inali ya tsiku lonse, ndipo mzindawu anali asanauonepo. Anatsika n'kukayenda m'mbali mwa nyanja ya m'paki. Anakweranso mpaka Universitate, komwe anadya covrig wotentha, mkate wopota uja, akuyang'ana nyumba zakale. Sanasocherenso ngakhale kamodzi.

Madzulo ali pa Piața Victoriei, foni inalira. Unali uthenga wa Dragoș.

"Wokondedwa, ima pomwe ulipo ndidzakutenge. Mzinda uno suudziwa, ungasochere."

Asanayankhe, bambo wina wachikulire wa sutikesi anamukodola mwamanyazi.

"Pepani mwanawe, ndine mlendo kuno. Inu eni mzinda, yopita ku Gara de Nord ndikwerera pati?"

Ilinca anafufuta nambala ija, n'kunyamula sutikesi ya bamboyo.

"Mzere wachikasu, bambo, siteshoni imodzi yokha. Nditsateni."