Ndagi ya pansi pa katungwe

Ndagi. Pakamwa ananditseka, koma ndikuitanabe. Ndine yani?

Imeneyi si ya agogo. Za agogo ndakula nazo, ndipo kwathu ukalephera ndagi umalipira ndi pakamwa chabe: wina ng'ombe, wina galimoto. Ine ndinkati, "Tengani Mapazi," mlongo wanga wamng'ono wodana ndi nsapato. Tonse tinkaseka.

Tsiku limene ndinaimva magetsi anazima, amayi anandituma makandulo. Pobwerera ndinadulira m'paki ya kuseri kwathu. Mdima unali utangogwa. Ndinkayenda maso ali kumwamba, kusankha nyenyezi yanga.

Katungwe analira. Kwii. Kwii. Mphepo kunalibe.

"Ndagi," anatero mawu a mwana.

"Gize." Pakamwa panga panayankha pokha.

Ananena ndagi ija. Ndinayang'ana katungwe: thabwa likupita, likubwera, munthu palibe. Pansi pake pali simenti yozungulira imene timakhalapo masana. Inali yonyowa, chonsecho mvula inali itasiya kalekale.

"Ndalephera," ndinanong'ona.

"Undilipira chiyani?" Tsopano mawu ankachokera pansi pa simenti.

"Tenga Mapa..."

Ndinadzigwira pakamwa. Katungwe anaima.

Ndinafika kunyumba makandulo atathyokera m'manja.

M'mawa ndinafunsa bambo amene amasesa m'pakimo za simenti ija.

"Chitsime chimenecho, mwanawe. Kale pano panali nyumba. Atazigwetsa kuti akonze paki, chitsime anachivundikira tsiku lomwelo."

"Nenanitu zonse, achimwene," analowerera mayi wogulitsa maluwa pageti. "Tsiku losamutsa anthu, banja lina linasowa mwana."

"Anapezeka kwa azakhali ake," anayankha bambo aja.

"Munamuona inuyo?"

Bambo aja anangopitiriza kusesa pamalo posesa kale.

Agogo nditawauza sanaseke.

"Dzina unalimaliza?"

"Ayi, agogo. Theka lokha."

"Theka ndi chikole, mdzukulu wanga."

Kuyambira pamenepo ndagi zinatha m'nyumba mwathu. Mapazi amagona pakati pa ine ndi amayi, ndipo ine ndimagona nditagwira malaya ake. Ku paki tinamuletsa. Sitinamuuze chifukwa.

Dzulo madzulo tonse tili pabalaza, Mapazi anasiya kujambula n'kuyang'ana kuchitseko, ngati munthu amene wamva kuitana. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Achemwali, mnzanga wa pa katungwe akuti munandipereka kwa iye. Nanga bwanji simukundiperekeza?"