Kamphira ka pa Mikanda ya Lena

Anakumanira pa depoti ya Rumphi, fumbi la Ogasiti lili koboo! Lena Mhango ankadikira galimoto ya ku Bolero pamene Hopeson, dalaivala wonyamula alendo opita ku Chelinda, kuphiri la Nyika, anaima pafupi naye. Mnyamata wotchena bwanji! Nsapato za ku Mbeya, lilime loti ngakhale ku Joni sungalipeze.

"Achemwali, fumbili silikukuyenerani. Kwerani kutsogolo, pampando wa mfumukazi."

"Yewo. Mwauza angati lero mawu amenewo?"

"Inu nokha. Mbidzi za ku Nyika ndi mboni zanga!"

Lena anaseka, nakwera. Chaka chisanakwane chikumanirane, nthungululu zinamveka patchalitchi.

Patangotha miyezi iwiri ali m'banja, kalata inafika. Lena anapeza malo kukoleji ya unamwino ku Mzuzu, kukayamba mu Januwale, mwayi womwe anaufunsira katatu konse. Mimba ikanabwera nthawi imeneyi, malowo akanapita kwa wina.

Hopeson anagwira pachifuwa. "Wapamtima, mwana adikira mpaka uvale yunifolomu yoyera. Ndalumbira."

Poti jakisoni ankamudwalitsa Lena, anapitira limodzi kwa Mayi Gondwe, namwino wa zakulera. Mayiwo anawapatsa chingwe cha mikanda chokhala ndi kamphira kakuda.

"Tsiku loyamba kusamba, kamphira pamkanda wofiira. Ndiye m'mawa uliwonse mkanda umodzi, umodzi basi. Kakafika pa yoyera, masiku khumi ndi awiri amenewo mimba ili pafupi. Adada, mupirira?"

"Ine? Ndinapirira sabata yathunthu pachipata cha m'malire cha Songwe, amama!" anatero Hopeson. Anafunsa mafunso ambiri kuposa mkazi wake, mpaka namwino anamuyamikira.

Mikanda anaipachika pamsomali kuchipinda. Mwezi woyamba zinayenda bwino. Hopeson akakhala kuphiri, foni ya Lena inkangolira: "Switi wanga, wasuntha kamphira? Nkhukutemwa chomene, ndimakukonda zedi."

Mu Novembala, Hopeson anatenga tchuthi. Apa masiku anayamba kuthamanga modabwitsa. Mikanda yoyera inatha ngati yabedwa. Koma thupi la Lena linkanena zina: chinyezi chonanda chija chomwe namwino anati chimabwera masiku oopsa chinali chisanaleke.

"Dali, mikanda ikuti zili bwino, koma ine sindikumva choncho."

"Ukukayikira za kuchipatala, iwe namwino wa mawa? Bwera kuno, duwa langa."

Kodi akanakana bwanji mwamuna womukonda chotere?

Patapita masiku awiri Lena mtima unamukanika, ndipo anaitengera mikanda ija kwa Mayi Gondwe.

"Unayamba liti kusamba?"

"Pa 3, tsiku lomwe tinadzala chimanga."

Namwino anawerenga ndi zala. Anabwerezanso. Nkhope yawo inasintha.

"Lero uyenera kukhala pakati pa yoyera. Kamphiraka kali kutsogolo ndi masiku asanu ndi limodzi."

"Koma ndimasuntha kamodzi kokha, amama!"

"M'nyumbamo mumakhala angati?"

Lena anatola mikanda yake, natuluka.

Atafika kunyumba anabweza kamphira pamalo pake, osamuuza Hopeson. M'mawa mwake anatenga ndowa ngati akupita kumjigo, koma anazungulira kuseri n'kusuzumira pawindo. Hopeson anali chilili pamsomali paja, akuimba mluzu, zala zikukankha kamphira. Umodzi. Iwiri. Itatu.

Ndowa inagwa, phwaa!

"Hopeson! Inu?"

"Switi, ndimangokonza..."

"Mumakonza chiyani? Moyo wanga?"

Mwamuna uja anakhala pabedi, matama onse atamuthera. "Ku Mzuzu kuli madokotala, Lena. Ine ndine dalaivala chabe. Ndinati ukakhala ndi mwana wanga, sundisiya."

"Ndiye mafunso onse aja kwa namwino, mumaphunzira kundikola?"

"Ndi chikondi, wapamtima!"

"Chikondi chotchera msampha ngati mukugwira gwape?"

Tsiku lomwelo Lena anabwerera kwa makolo ake ku Bolero. Mauthenga ankabwera ngati mvula: "Ndikhululukire, mfumukazi." "Popanda iwe sindikudya." Sanayankhe ngakhale umodzi. M'mawa uliwonse ankadzuka ndi pemphero limodzi lokha, loti aone magazi. Sabata yoyamba ya Disembala inadutsa. Yachiwiri nayo. Zii!

Lena atapitanso kuchipatala, Mayi Gondwe anayang'ana kachipangizo koyezera mimba, nakweza maso.

"Mizere iwiri, mwana wanga. Uli ndi pakati."

Panja pa chipatala, Hopeson anali atatsamira galimoto yake. Ataona misozi ya Lena anamvetsa zonse, ndipo kumwetulira kunamupulumuka asanakubise.

Lena anakuona kumwetulirako. Anapukuta m'maso.

"Mwapambana, bambo. Sukulu mwandilanda. Koma ine ndi mwanayu mudzatimvera kwa ankhoswe."

Anamudutsa osacheuka, nalowera kudepoti wapansi.