Ofesi Imene Veiko Anatseketsa

Veiko anakulira m'nyumba yabwino, kumudzi wina wakumwera kufupi ndi tauni ya Võru. Sanali olemera, koma buledi wakuda sankasowa patebulo, nkhuni zinkakhala zitaunjikidwa chisanu chisanafike, ndipo Lamlungu amayi ake, Mayi Ilme, sankalola munthu kugonereza nthawi ya tchalitchi. Bambo ake, a Arved, anagwira ntchito yocheka matabwa mpaka maso awo anayamba kuchita nkhungu. Langizo lawo linali limodzi lomwelo chaka ndi chaka, moti mwana wawo ankachita kulimaliza yekha asanalitsirize: thabwa saliyeza ndi maso, amaikapo tepi.

Mnyamatayo mutu anali nawo, zimenezo palibe ankatsutsa. Anapita ku yunivesite ina ku Tallinn, likulu la dziko lawo, kukaphunzira za momwe boma limatumikirira anthu pa intaneti. Akabwera kumudzi ankatenga chiphaso cha bambo ake, n'kuchilowetsa mu kompyuta, n'kulemba manambala awo achinsinsi amene ankawadziwa pamtima, n'kuwakonzera zonse za boma tiyi asanazizire. Iye kulibe, Bambo Arved ankangoyenda pang'onopang'ono kupita ku kaofesi ka khonsolo pafupi ndi sitolo. Kumeneko kunali mayi amene ankawaitanira galimoto yowatengera kuchipatala kukapimitsa mtima, chifukwa mtima wawowo unali utayamba kuvuta.

M'chaka chomaliza cha maphunziro ake, khonsolo inapempha yunivesite kuti ifufuze ngati timaofesi ta m'midzi tinali tofunikabe, poti zonse zinali zitapita pa intaneti. Pulofesa wake anapereka ntchitoyo kwa Veiko popeza anali mwana wakomweko. Anamuuza momveka kuti apite m'midzimo, agogode pamakomo, akhale pansi ndi okalamba, aone ndi maso ake ngati angathe kudzichitira okha zinthuzi.

Veiko anapitadi, kamodzi. Basi inachedwa, matope analowa m'nsapato, galu anamuuwa, ndipo mayi wina wokalamba anamusunga masana onse akumufotokozera za maondo ake. Anabwerera ku Tallinn atatopa, atafunsa nyumba zochepa chabe.

Janar, mnzake wa m'kalasi amene ankapezeka m'malo omwera khofi kuposa mulaibulale, anamuseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ase, ukudzizunziranji? Makina a boma akuonetsa kale kuti ziphaso za nkhalamba zako zikulowa pa intaneti sabata iliyonse. Tenga zimenezo, zoyankha zawozo ulembe wekha. Nkhalamba zonse zimayankhula mofanana."

Veiko anadziwa pomwepo pamene panali bodza, chifukwa iyeyo anali mmodzi mwa olichita. Anamuuza Janar kuti olowawo si okalambawo ayi, ndi ana awo ndi adzukulu amene amasunga manambala a makolo.

"Makina akuti walowa ndani?" anafunsa Janar. "Akuti Arved. Ndiye walowa ndi Arved. Iwe ndiwe ndani kuti utsutsane ndi boma? Itanitsa khofi, amwene, kunja kukuzizira."

Khofiyo anaitanitsadi. Tsiku limenelo analemba nkhalamba yoyamba ya m'mutu mwake, ndipo mtima unamugunda pang'ono. Pofika yachisanu, mtima unali utakhala m'malo. Anaziveka mayina, anazipatsa zaka ndi ng'ombe, ndipo yomwe ankaikonda kwambiri anaitcha Endel, mkulu wansangala amene ankadziitanira yekha galimoto ya kuchipatala akuimba mluzu. Kunena zoona, Endel anali munthu wosavuta kucheza naye, galu analibe, maondonso sankadandaula.

Atapita kumudzi pa Pasaka, amayi ake anamudikira adye kaye, kenako anamuuza kuti afunsa kutchalitchi konse ndipo palibe amene wamuona akugogoda pakhomo pake. Veiko anati kafukufuku wamakono sayendera nsapato. Mayi Ilme anamuchenjeza.

"Mwana wanga, anthu akuti ofesi ija ili m'manja mwako. Usalembe za anthu amene sunawaone. Mulungu amawadziwa mayina onse, ako ongopekawo sawadziwa."

Bambo Arved anangofunsa ali kumbali ya mbaula: "Iwe Veiko, waikapo tepi kapena wangoyang'ana?"

"Bambo, izi si za matabwa," anayankha, ndipo anatuluka kukasuta.

Kafukufukuyo anatuluka wokongola. Ananena kuti okalamba ambiri a m'midzimo ankadzichitira okha zonse pa intaneti, ndipo timaofesi tinali kungodya ndalama. Pulofesa anamuyamikira, khonsolo inawerenga, ndipo masamba a mitengo asanathe kuyoyoka kaofesi ka pafupi ndi sitolo kanatsekedwa, mayi wa mu ofesi uja n'kupita kukafuna ntchito kwina. Chomvetsa chisoni n'chakuti Bambo Arved sanakwiye n'komwe. Ankanyadira kuti dzina la mwana wawo lili m'mapepala a khonsolo. Veiko anawalonjeza kuti asade nkhawa, za galimoto ya kuchipatala azikonza yekha ali ku Tallinn.

Anakonza kangapo. Kenako anaitanidwa ku msonkhano waukulu wa anthu ophunzira kuti akafotokoze zomwe anapeza, ndipo m'chipwirikiti chogula jekete ndi kuyeserera mawu, tsiku la bambo ake linamuchoka m'mutu.

Bambo Arved atazindikira kuti galimoto sinaitanidwe, anaimbira foni mwana wawo, koma foniyo inali itatsekedwa mawu m'thumba la jekete latsopano. Anakhala pa kompyuta okha, nkhope itatsala pang'ono kugunda galasi lake. Analakwitsa manambala katatu ndipo chiphaso chinadzitseka, monga chimachitira kwa aliyense. Kalelo akanangoyenda kupita pa kaofesi kaja. Tsopano kunalibe kopita. Mayi Ilme anawachonderera kuti adikire, tsiku lina lipezeka, koma iwo anati dokotala wa mtima sapezeka ngati mbatata pamsika. Anavala chijasi chawo n'kuyamba ulendo wopita kumsewu waukulu kukakwera basi, pansi pali madzi oundana amene maso awo sankatha kuwaona.

Nthawi imeneyo Veiko anali kutsogolo kwa anthu, akuwaseketsa ndi nkhani ya Endel woimba mluzu uja. Anthu anaomba m'manja kwambiri. Bambo ake anali ataterereka n'kugwa m'mbali mwa njira, fupa la m'chiuno litathyoka, mpaka dalaivala wa lole ya mitengo anawaona.

Veiko anafika kuchipatala tsiku lotsatira, jekete lija lidakali m'thupi. Adokotala anamuuza kuti kuzizira kwalowa m'chifuwa, moyo mwina aupulumutsa, koma kuyenda kokha aiwale. Analowa akuyembekezera kuti bambo ake amukalipira, ndipo mumtima ankachita kulakalaka atamukalipira. Koma Bambo Arved anamugwira dzanja mwamanyazi, ngati olakwa ndi iwo.

"Pepa mwanawe, ndakuchititsa manyazi. Anzanga onse aja unawafunsa akutha okha. Uyu Endel wa m'pepala lako ndi wamkulu kuposa ine, koma akutha. Ndiye wopusa m'dera lonse lino ndine ndekha?"

Apo mpamene Veiko anasweka mtima. Anagwada pambali pa bedi n'kunena zonse: kuti Endel kulibe, kuti sanagogode pamakomo aja, kuti amene ankalowa ndi ziphaso za okalamba anali ana awo, monga iye mwini. Bambo Arved anamvetsera mpaka kumapeto. Sananene za tepi. Anangochotsa dzanja lawo pang'onopang'ono n'kutembenukira kukhoma.

Sabata yomweyo anakaulula kwa pulofesa. Kafukufukuyo anachotsedwa, digiri inapita, ndipo Janar atakumana naye pakhonde anachita ngati akuyankha foni. Veiko sanadandaule nazo, chifukwa ankaganiza kuti akataya zonsezo ofesi ibwerera. Anapita kukhonsolo, anafotokoza, anachonderera. Anamumvera mwaulemu, n'kumuuza kuti nyumbayo inagulitsidwa kale kwa munthu wosungiramo matayala, ndalama za chaka chimenecho zinagawidwa, ndipo ngati ali ndi dandaulo alitumize pa intaneti. Analitumiza. Yankho linabwera nthawi yomweyo, lomuthokoza chifukwa cholemba. Madzi akatayika saoleka.

Lero Veiko amakhala kumudzi. M'mawa amanyamula bambo ake kuwachotsa pabedi kuwakhazika pampando wamatayala, ndipo masana amagwira ntchito pamalo ochekera matabwa pomwe iwo ankagwira. Loweruka okalamba a m'mudzimo amabwera kukhitchini ya Mayi Ilme ndi ziphaso zawo zokulunga m'timipango, iye n'kumawaitanira galimoto mmodzimmodzi. Tsopano akuwadziwa onse, ndi agalu awo, ndi maondo awo. Koma a m'midzi ina, kumene timaofesi tinatsekedwanso chifukwa cha pepala lake, sangawafikire, ndipo sadziwa kuti amatani.

Bambo Arved anamukhululukira, ananena okha pamaso pa abusa. Kukhululukako sikunawadzutse pampando.

Inu amene muli pasukulu, imvani izi. Ulesi sumayamba ndi chinthu chachikulu, umayamba ndi basi yochedwa ndi kapu ya khofi, ndipo ukatopa umaitana bodza kuti liumalizire ntchito. Musalembe zimene simunaone, musachitire umboni anthu amene simunawafunse. Wina adzakhulupirira pepala lanulo n'kutseka chitseko, ndipo woyamba kuchipeza chotseka akhoza kukhala amene anakubalani.