Kanema Wopanda Nkhope

M'holo ya ku Balaka munthu ankangovala magalasi, basi walowa m'maso mwa msilikali. Pa Nkhondo ya Madzi msilikali aliyense anamuika kadiso pamphumi, kakamera kochepa ngati njere ya mapira, kojambula zonse zimene mwini wake akuona. Nkhondo itatha, makina olankhula otchedwa Mtoleri anatola timaso timeneti m'matope n'kulumikiza zithunzi zake kukhala kanema mmodzi.

Anthu ankamutama kanemayo kuti mulibe zosewera, mulibe nyimbo, magazi ake ndi enieni. Ankatero ndi amene ana awo anali pakhomo. Mai Nangozo sanadzere zimenezo. Mwana wawo Chiletso sanabwerere kunkhondoko, ndipo abale ankawakakamiza kuti alire maliro opanda mtembo. Iwo anakana kwamtuwagalu. Kwawo sakwirira munthu asanaone nkhope.

Atavala magalasi, nthaka inayamba kugwedezeka. Utsi ponseponse, wina akuthamanga ali wefuwefu. Kenaka panaoneka dzanja la wothamangayo, lili ndi chipsera cha chikwanje pachala chachikulu.

"Ndi iyeyu!" anakuwa maiwo. "Chiletso, tatembenuka ndikuone!"

Chithunzi chinapendekeka n'kugwera muudzu. Panadutsa nyerere, kenaka mdima. Mtima unawapweteka koopsa, moti anavula magalasiwo n'kukaima pamaso pa Mtoleri, amene anali m'holo momwemo.

"Bwezerani pamene pali nkhope yake."

"Kadiso kamaona zonse, mai, kupatula mwini wake," anayankha makinawo mwaulemu wonyansa.

"Nanga anzake sanamuone?"

"Pomenyana onse ankaphimba kumaso poopa utsi wakupha. Ankavula pakudya ndi pocheza basi. Zimenezo ndinafufuta, oonera zimawatopetsa."

"Mwasunga zipolopolo, mwataya mwana wanga akuseka?"

"Pepani mai. Sindinaone ngati n'zofunika."

Potuluka anapeza mai wina wa ku Ntcheu atagwa pakhomo, akulira. "Dzanja lija ndi la Fanuelo wanga, anzanga! Chipsera chija anadzitema akusadza nkhuni!"

Mai Nangozo anadzifunsa chamumtima. Kodi ndi mnyamata uti wa kumudzi amene alibe chipsera cha chikwanje?

Mpaka lero amabwerabe kuholoko, pamodzi ndi amai ena ambiri olimbirana dzanja limodzi lomwelo. Maliro a Chiletso sanalirike, ndipo kukhulupirira kuti ali moyo kunawakanikanso. Makina aja anasunga kufa kwa aliyense, koma sanasiye nkhope ngakhale imodzi yoti mai alirepo.