Chifani cha kwa a Pilato

Dzuwa linali litapendekera kuseri kwa minda ya tiyi pamene mai Janeti ankaanula zofunda za amuna awo pachingwe. Zinali zisanaumitsitse, koma zina analibe. Chinali chaka chachitatu a Pilato ali gone pamphasa chiwagwereni sitiroko, mbali yonse yakumanja yakufa, pakamwa popotoka, mawu osatuluka. Kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala, kuchapa, mawa kuchapanso. Amene ankawadziwa kale mai Janeti amati anali munthu woseka mpaka kugwetsa misozi. Pofika nthawi imeneyi anali atasiya ngakhale kudandaula, pakuti kudandaula nakonso kumafuna mphamvu.

Nyumba yawo inali payokha pakamtunda, kumtunda kwa Limbuli, kumene mapolo a magetsi sanafikeko. Bungwe lina litabwera ndi makina opanga magetsi ndi mphepo, linawaika m'gulu la mabanja oyamba, chifukwa pamalopo mphepo sinkasowa ndiponso panali wodwala. Makinawo anali mapiko atatu ndi mchira, pamwamba pa chitsulo chotalika ngati bulugamu wamng'ono. Anthu sanachedwe kuwapatsa dzina loti chifani.

Mmisiri wake, a Felix, anali munthu wofatsa pofotokoza.

"Amayi, apa palibe zamatsenga," anatero. "Mchirawu umachitembenuza kuti nkhope yake iziyang'ana kumene mphepo ikuchokera. Mphepo ikaleka, nachonso chimaima. Kukabwera chimkuntho, mutsitse kachitsulo aka pabokosi lili m'nyumbali. Ndiye buleki yake imeneyi."

Pali chinthu chimodzi chimene a Felix sanachione. Tsiku lokumba dzenje la chitsulocho, a Pilato anabuula kuyambira m'mawa, diso lawo lili pa jekete lakale limene ankavala ali mlonda ku esiteti ya tiyi. Mai Janeti atapisa m'thumba anapeza kanthu kosokerera m'chikopa, kochepa ngati dzira la nkhunda koma kolemera ngati mwala. Diso la a Pilato linachoka pa kanthuko n'kuloza panja, kudzenje. Mai Janeti anali a chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ndipo zithumwa sankazifuna. Koma anali asanagone masiku awiri. Anadziuza kuti n'zoteteza ku mphenzi, monga ambiri amakwirira pomanga nyumba. Amisiri ali kudya, anakaponya kanthuko m'dzenje, masana simenti n'kuthiridwa pamwamba. A Pilato anasiya kubuula nthawi yomweyo.

Miyezi ya mwera inadutsa bwino. Babu linkayaka, wodwala ankasamalidwa poyera, ndipo anthu ankakwera kamtundako kudzatchajitsa mafoni n'kumachezako pang'ono. Kenako kunabwera Okutobala, mphepo inazimiririka, chifani chinaima masabata awiri.

Ndiye madzulo aja a zofunda, tsamba la nthochi ngakhale limodzi losagwedezeka, mai Janeti anamva kulira kwa chitsulo pamwamba pawo. Kwiii. Atakweza maso anaona chifani chikutembenuka pang'onopang'ono, ngati munthu wofunafuna mnzake pamsika. Chinadutsa phiri, chinadutsa tchalitchi, chinaima chitayang'ana kumunsi, padenga la a Hashimu ogulitsa zinanazi. Mapiko anayamba kuzungulira. Utsi wa kukhitchini unkakwera mowongoka ngati nsungwi, koma mapiko ankathamangirathamangira. Pabwalo panamveka fungo la dothi lofukulidwa kumene. M'nyumba babu linawala mpaka kuwawa m'maso.

Kunja kusanade, kulira kunamveka kumunsi. A Hashimu, munthu wonyamula dengu la zinanazi mpaka ku Limbuli osapumira panjira, anangokhala pansi akutsuka njinga, n'kuyamba kutsegula pakamwa ngati nsomba yovuulidwa, mpaka kumwalira pomwepo. Akazi awo anati mpweya unachita ngati wina akuukoka ndi chingwe.

M'mawa mwake a Pilato anagwira okha supuni.

Mai Janeti anagwada n'kuthokoza Mulungu. Ambuye awakhululukire, sankadziwa.

Koma kumunsi anthu anali ataona chifani chikuzungulira popanda mphepo, ndipo nkhani inayenda m'mizere ya tiyi msanga kuposa othyola. Ena anati Janeti wasandutsa Hashimu ndondocha kuti azimupukusira chifani, monga amachitira eni zigayo. Ena anati anamva munthu akupuma wefuwefu pamwamba pa chitsulocho. Mafoni anasiya kubwera. A Felix ataitanidwa anakwera, anagwiragwira, anatsika.

"Chilichonse chili bwino, amayi," anatero. Kenako anayang'ana batire losungira magetsi. "Mwati mphepo inaleka liti?"

"Masabata atatu apitawo."

"Nanga batireli ladzaza bwanji?"

"Ndimati mundiuze ndinu, bambo."

A Felix anakana tiyi tsiku limenelo. Anakwera njinga yamoto osatsanzika bwinobwino.

Munthu mmodzi yekha sanasiye kukwera kamtundako, ndiye mai Alefa, mnzawo wa kuubwana. Tsiku lina anafika ndi mbale ya nyemba za kalongonda, ataziphika tsiku lonse.

"Odi kwa afiti!" anakuwa ali pampanda.

"Alefa, usaseke nazo zimenezo."

"Ndisaseke bwanji? Mfiti yanji yoonda chonchi, asisi? Nyamayo mukudyera kuti? Idyani apa, mwina muziuluka ndi mphamvu."

Mai Janeti anaseka, koyamba m'miyezi yambiri, kenako kusekako kunasanduka kulira. Mnzawo anawasisita pamsana mpaka analeka.

Patapita masiku asanu, dzuwa lili paliwombo, chitsulo chinaliranso. Mai Janeti anali kuchapa. Anaona nkhope ya chifani ikudutsa phiri, ikudutsa nyumba ya malemu Hashimu, n'kuima pa denga la Alefa. Fungo lija linabweranso. Anathamangira m'nyumba manja ali thovu, natsitsa kachitsulo ka buleki. Mapiko anaima.

Pamphasa, a Pilato anayamba kutsamwa. Maso anatuzuka, milomo inachita phulusa, zala zikukanda mphasa mpaka kuithothola. Ankawayang'ana akazi awo ngati mwana amene akumira. Zaka makumi atatu ndi zinayi za ukwati si masewera. Dzanja la mai Janeti linakweza lokha kachitsulo kaja, mutu usanaganize. Mapiko analiranso, a Pilato anakoka mpweya wautali, wokoma, ngati munthu amene akumwa madzi ozizira pobwera kumunda.

Anthu anawapeza mai Alefa pakhonde atafa kale, lichero la nandolo lili pamiyendo, pakamwa pali yasa.

Madzulo a tsiku lomwelo a Pilato anadzuka okha n'kukhala tsonga, atatsamira khoma.

Kumaliro, amayi anasuntha mphasa zawo mai Janeti atakhala pansi. Iwo sanadandaule, chifukwa tsopano ankadziwa zimene anzawowo ankangoziganizira. Mawu a a Felix ankabwerabwera m'mutu mwawo: nkhope yake imayang'ana kumene mphepo ikuchokera. Ndiye kuti mphepo yozunguza mapikowo inkachokera m'zifuwa za anthu, n'kutsika ndi waya mpaka pamphasa ya amuna awo. Anakumbukiranso chinthu chimene anali atachikwirira kalekale. Chaka chimene a Pilato anadwala chifuwa chachikulu, achipatala atataya mtima, mwana wawo woyamba, McDonald, anafa ali kumsana, wosadwala ngakhale chimfine. Sabata yomweyo bambo ake anadzuka n'kubwerera ku ulonda, atavala jekete lija.

Akanatha kutsitsa buleki tsiku lomwelo n'kuisiya choncho. Anayesa kawiri. Ankati akafika pabokosi, diso la a Pilato n'kuwatsata, iwo n'kubwerera kukapitiriza kuwapukuta thukuta. Ankapemphera kuti mvula ibwere msanga ndi mphepo yake yeniyeni, mwina chifani chikhuta. Koma mitambo inkangounjikana pamwamba pa phiri n'kubalalikanso.

Kumunsi pang'ono kwa nyumba yawo kunali nyumba ya mwana wawo wamkazi, Emma, pakuti kumeneko mwana wamkazi amamanga pa malo a amake. Emma anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo mwamuna wake anali kuntchito ku Chonde. Anthu ankamuuza kuti asamuke, iye n'kumayankha kuti amayi ake si mfiti, ndipo sangawasiye okha ndi wodwala.

Linali Lachinayi, chakumadzulo, kunja kuli zii ngati dziko lagwira mpweya. Mai Janeti ankasesa pabwalo, Emma ali pakhomo pake akupeta mpunga. Chitsulo chinalira. Tsache linagwa m'manja. Chifani chinadutsa phiri, chinadutsa tchalitchi, chinadutsa kwa Hashimu, chinadutsa kwa Alefa, chinatembenukabe mpaka chinawerama pang'ono, n'kuima.

Mankhusu amene Emma ankapeta sanagwe pansi. Anayamba kuuluka chokwera mtunda.

"Amayi," anatero Emma, dzanja lili pachifuwa. "Amayi, mpweya..."

Mai Janeti sakumbuka kuti analowa bwanji m'nyumba. Chimene akukumbuka n'chakuti pamphasa panalibe munthu. A Pilato anali chilili pafupi ndi bokosi, dzanja limodzi litagwira khoma, miyendo yowonda ija ikunjenjemera. Babu linkawala ngati dzuwa.

"Amake Emma, musakhudze."

Anali mawu oyamba m'zaka zitatu. Anatuluka bwinobwino, mawu omwe aja amene anawafunsira nawo mbeta.

"Bambo ake Emma, ndi mwana wanu uja."

"Watsala ameneyu basi. Ali awiri, akwanira. Mawa ndiyenda ndekha."

"McDonald sanakukwanireni?"

 A Pilato anangofewetsa mawu.

"Simunatope, amake Emma? Kuchapa kuja. Kundinyamula kuja. Taonani manja anu. Ingokhalani pansi apo pang'ono pokha, mupumule. Simuchita kanthu inu. Mungokhala pansi."

Mai Janeti amati mawu amenewo ndi amene anawaopsa kuposa zonse, chifukwa miyendo yawo inamvera. Mpando unali pomwepo, ndipo thupi lonse linkapempha. Kunja anamva lichero likugwa, mpunga ukumwazika.

"Ndatopa ndithu, bambo ake Emma," anatero. "Ndatopa kwabasi."

Anatambasula dzanja natsitsa kachitsulo kaja.

Dzanja lamanja la a Pilato, lakufa lija, linawagwira pamkono ngati msampha. Mai Janeti anatsamira buleki ndi thupi lonse, natseka maso, nayamba Atate Wathu mokweza kuti asamve phokoso limene linkatuluka pakhosi pa amuna awo. Pamwamba mapiko analimbana, chitsulo chonse chinanjenjemera mpaka fumbi kugwa kudenga. Anafika pa Amen, anayambiranso. Ulendo wachitatu, zala zija zinamasuka chimodzichimodzi.

Kumunsi, Emma anakhosomola, kenako analira mokweza. Kulira kumafuna mpweya, ndipo mai Janeti atakumva anadziwa kuti mwana wawo ali moyo.

Anawakokera a Pilato pamphasa monga ankachitira masiku onse, anawawongola miyendo, anawatseka maso, anawafunditsa chofunda chosaumitsitsa chija. Atatero anatuluka kukaitana anthu.

Maliro atatha, anakaulula zonse kwa akulu a mpingo, osabisa ngakhale za kanthu ka m'jekete. Ena anawakhulupirira, ena mpaka lero amawalambalala panjira. Mkazi wa a Hashimu sawayankha moni, ndipo iwo amati ali ndi chifukwa. Emma anachira mwana wamkazi, anamutcha Alefa. A Felix anabwera kudzamasula chifani n'kukachiimika pa banja lina kutsidya kwa mtsinje, kumene chikugwira ntchito bwinobwino. Chimazungulira kukakhala mphepo, chimaima ikaleka, ndipo ana a kumeneko amawerengera mayeso pansi pa babu lake.

Koma simenti ija inatsala, pakuti palibe mwamuna amene analola kuiswa ndi nyundo yake. Nkhuku siziponda pamenepo. Udzu sumera m'mbali mwake.

Mai Janeti ankayembekeza kuti tsopano apumula. Koma tsiku lina lotentha, akusesa, anaona masamba ouma akukwawa okha pansi, pang'onopang'ono, kulunjika pa simentipo, onse kuchokera mbali imodzi. Anawasesera kutali msangamsanga, akupemphera, mpaka analeka kuyenda. Tsiku limenelo sikunafe munthu. Ngati linali tsachelo, kapena pempherolo, kapena chifundo chabe cha Mwini moyo, iwo sadziwa, ndipo safuna kuyesa kuti adziwe.

N'chifukwa chake mukadutsa kumtunda kwa Limbuli m'nyengo yotentha, mphepo italeka, mudzaona mayi wokalamba atakhala pampando pafupi ndi kasimenti kopanda kanthu, tsache lili pamiyendo, maso ali pa masamba. Sapita kumsika, sapita kuukwati. Emma akawachonderera kuti akagone pang'ono, amangopukusa mutu.

"Chifani chinali ndi buleki, mwanawe," amatero. "Apa buleki yake ndine."

Ambuye awapatse mphamvu mayi ameneyo, ndipo pa nthawi yake awapatsenso tulo.