Wotchi Siidwala

Iwe woyasamulawe, tseka kukamwa, ntchentche zingakuikire mazira. Ndikunena za telala wa pakona uja.

Tsiku lina madzulo kunali mpikisano wa tchesi mu holo ya sukulu. Wopambana ndiye akaimire kalabu. Telala anagwera kusewera ndi mkulu wokonza mawotchi, yemwe anali atamugonjetsa zaka zisanu ndi kayambidwe kamodzimodzi: iwe ukakankha msilikali, iye amatulutsa kavalo. Basi.

Koma mkuluyo anali gone kuchipatala. Kunabwera mwana wake wamkazi.

"Achimwene, dikirani Loweruka, bambo atuluka."

"Wotchi siidwala, chemwali. Ola likatha mpando uli wokha, ndapambana. Mukawauze kuti kavalo wawo ndikuwadyetsera."

Mtsikana anapita akulira. Telala anakankha msilikali wa patsogolo pa mfumu, n'kudina wotchi yowerengera nthawi ya osewera, n'kupinda manja.

Ena anamaliza, anabalalika. Magetsi anazima. Woweruza anati akasake kandulo, ndiye mpaka lero.

Mumdimamo wotchi inadinidwa. Khwa.

Telala anayatsa foni. Mpando wokha. Koma kavalo wakuda anali atatuluka, ndipo pamalopo pankanunkha mafuta a mawotchi.

Mukuti akanathawa? Inu mumathawa ngakhale mphemvu. Pa tchesi wochoka ndiye wagonja. Anakankhanso msilikali.

Mpando unalira ngati wina akukhala bwino. Kavalo analumpha. Khwa.

Asilikali ake ankatha mmodzimmodzi. Mfumukazi inapita. Thukuta noninoni, anagwira mfumu yake kuti ayithawitse, n'kuyikweza m'mwamba. Apa ndi pomwe anaona. Kumanja imfa. Kumanzere imfa. Pomwe yachokapo, imfanso.

Kutsidya kwa tebulo wina anatsokomola.

"Wagwira, mwana wanga. Suntha."

Paja lamulo lawo, chimene wagwira uyenera kuchisuntha, ndipo ukachiika pansi palibe kubweza.

Mayi wosesa anamupeza m'mawa ali pomwepo, mkono m'mwamba, buluku litanyowa. Mkulu uja anali atamwalira dzulo lake, cha m'ma 7 madzulo.

Zala zogwira mfumu zija adokotala analephera kuzifunyulula. Makina osokera telala anagulitsa, amadya ndi lamanzere ngati mwana. Anthu amanong'ona kuti mkuluyo akudikirabe pampando, ndipo tsiku limene telala adzaike mfumuyo pansi, tidzapite ndi makasu.

Ukadutsa pakona umupatse moni wa m'manja, ngati ndiwe mwamuna.