Tofu wa Pachipata cha Ndende

Ok Hye-rim anakumana ndi Pyo Gwang-seok pachipata cha unduna wina mumzinda wa Sejong, atanyamula maluwa a m'sitolo yake. Pyo anali mkulu wa asilikali oteteza nduna, munthu wosadziwa kuseka.

"Chiphaso chili kuti, mayi?" anafunsa Pyo.

"Bwana, kodi maluwa nawonso amabisa mfuti?"

Pyo anaseka, asilikali ake mpaka kuyang'anana! Kuyambira tsikulo, foni ya Hye-rim inkalira m'mawa uliwonse: "Duwa langa, wadya kale?"

"Ndadya, Bwana Chiphaso. Nanga inu?"

Tsiku lina Pyo anamulonjeza: "Chisanu chikangotha, timanga banja."

Koma achinyamata, chenjerani: kumvera wamkulu sikutsuka mlandu. Nduna inalamula Pyo kuti atenthe buku la alendo, pofuna kubisa anthu amene inkakumana nawo chisankho chisanachitike. Iye anatentha. Nkhani itaphulika, anaulula zonse pamaso pa aphungu, ndipo khoti linamupatsa chaka ndi theka m'ndende.

Uthenga wake womaliza unali waufupi: "Dzina langa lanunkha. Undiiwale. Usadzabwere."

Hye-rim analira mpaka maso kutupa. Makalata ake onse ankabwerera osatsegulidwa. Kodi chikondi chimachotsedwa ntchito ngati msilikali?

Pamwambo wa kumeneko, wotuluka m'ndende amalandiridwa ndi wa pabanja pake, ndi tofu, chakudya choyera cha soya, choti adye pomwepo kuti asadzabwererenso. Pyo analibe kholo kapena m'bale. Choncho m'mawa wa tsiku loti Pyo atuluke, Hye-rim anaima pachipata cha ndende ndi kambale ka tofu. Nanga akamudutsa?

Pyo anatuluka ataonda, atazolika.

"Chiphaso chili kuti, bambo?" anatero Hye-rim.

"Hye-rim! Ndinati usabwere."

"Ine si msilikali wanu. Yasamulani."

"Tofu amabweretsa ndi wa pabanja," anatero Pyo.

"Ndiye mukuyesa ndalawiriranji? Chisanu chatha kawiri, Bwana Chiphaso. Munalakwa, munaulula, mwalangidwa. Lonjezo lanu lokha ndilo latsala."

Pyo analuma tofuyo, misozi ikutsikira m'kambale.

"Duwa langa... udzandilola?"

"Malizani kaye kudya."

"Mulibe mchere umu."

"Mchere mukaupeza kwathu," anatero Hye-rim, akumupukuta pachibwano. "Amayi akukudikirani, ndipo mafunso awo ndi oposa a aphungu aja!"